Kodi HPV ya kuno ndi yosiyana ndi ya kunja?

Mayi wa ku Chinamwali:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 9, ndipo kusukulu atiuza kuti akalandire katemera wa khansa ya khomo la chiberekero. Apongozi anga akukayikira, akuti anamva kuti kachilombo koyambitsa khansayi, ka HPV, ka ku Africa n'kosiyana ndi ka kunja, choncho katemera wochokera kunja sangakagwire. Chinanso, achemwali anga ndi mnzawo anapezeka ndi kachilomboka chaka chimodzi, koma mwa mnzawoyo kanatha kokha pamene achemwali anafunika kuwotchedwa pakhomo la chiberekero. Kodi kusiyana kumeneku kuli m'kachilombo kapena m'magazi a kumtundu kwathu?

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Mayi, apongozi anuwo anamva zoona, koma anamva mbali imodzi. HPV ili ndi mitundu yoposa 200, ndipo yambiri siyambitsa khansa. Mitundu ya 6 ndi 11 imangotulutsa njerewere, pamene ya 16 ndi 18, imene wasayansi Harald zur Hausen wa ku Germany anaitulukira mu 1983 ndi 1984, imayambitsa khansa imeneyi mwa amayi pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse amene amadwala.

Mtundu wa 16 nawonso uli ngati fuko limene lili ndi mabanja anayi, A, B, C ndi D. Banja la A ndilo lofala ku Ulaya ndi ku Asia, B ndi C amapezeka kwambiri kuno ku Africa, ndipo D amapezeka kawirikawiri ku America. Kusiyana kwa DNA yawo n'kochepa, komabe kumaoneka pa odwala, chifukwa nthambi zina za banja la D zimapezeka kwambiri pa khansa imene imayambira m'kati mwa khomo, kumene kuyeza ndi maso sikufika bwino.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi chimene akatswiri a National Cancer Institute ku America anafalitsa mu 2017 atasanthula HPV16 ya amayi oposa 5,000. Kachilomboka kali ndi zida ziwiri, E6 ndi E7, zimene zimafooketsa alonda a maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, kuti maselowo azingogawikana mosalekeza. Iwo anapeza kuti mwa amayi odwala khansa, E7 inali yosasintha m'pang'ono pomwe, pamene mwa amayi amene kachilombo sikanawavulaze inali ndi zosintha zambiri. Choncho amayi awiri angathe kukhala ndi HPV16 onse, koma tizilombo tawo tosafanana mphamvu.

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma musatengere pamenepo kuti katemera ndi wa azungu okha. Katemerayu amaphunzitsa thupi kuzindikira chikhungwa cha kachilombo, ndipo chikhungwacho n'chofanana mokwanira m'mabanja onse anayi. Ife a ku Zomba sitiyenera kumudabwa, poti boma lino ndi la Rumphi ndi kumene anayambira kumupereka mu 2013, asanafike m'dziko lonse mu 2019.

Za achemwali anuwo, musathamangire kunena za kumtundu. Mwa anthu pafupifupi 9 mwa 10 kachilomboka kamatha kokha pasanathe zaka ziwiri, ndipo vuto limabwera pamene kakhalitsa. Chitetezo cha m'thupi chikachepa, makamaka chifukwa cha HIV, chiopsezo cha khansayi chimakwera kasanu ndi kamodzi, ndipo matenda amene akanatenga zaka 15 mpaka 20 angathe kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Kuchipatala sitifufuza kuti mayi ali ndi banja la B kapena la D. Timapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene payera timawotchapo, monga momwe anachitira ndi achemwali anu.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Ndiwonjezepo chimodzi, mayi namwino. Mtundu wa 35 umapezeka kwambiri mwa amayi a ku Africa kuposa kwina, koma mulibe m'katemera amene timalandira kuno, ngakhale mu Gardasil 9, katemera woteteza ku mitundu 9 ya HPV. N'chifukwa chake mtsikana wolandira katemera adzafunikabe kuyezetsa akadzakula.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri nonse. Apongozi ndiwawerengera madzulo ano, ndipo mwanayu ndimuperekeza ndekha. Kodi achemwali aja, poti anawotchedwa kale, ayenera kubwereranso liti kukayezetsa?