DSSAT ikundipatsa matani 9 pomwe kumunda tinakolola 4, ndisinthe pulogalamu kapena?

mwana_wa_mlimi:

Moni nonse abale. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo sabata yachiwiri ino. Ndikupanga masters ya zaulimi, research yanga ndi yoti ndione kuti kudzala chimanga mofulumira kapena mochedwa kumasintha zokolola bwanji makamaka chaka cha ng'amba ngati chija cha 2023/24 El Niño anatikhaulitsa mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23. Poti munthu sungadzale zaka 30 kuti uone zonsezi asupavaiza anga anati ndigwiritse ntchito DSSAT, pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekeza momwe mbewu zimakulira, model yake ya chimanga ya CERES-Maize ija, ndizingosintha tsiku lodzala pa kompyuta ndikumaona zotuluka. Ndinaidawuniloda ndikuphunzira ndekha pa YouTube, bandulo yapita ngati madzi.

Deta ndili nayo ya masizoni awiri kumunda woyeserera mbali ya Lilongwe, 2022/23 ndi 2023/24. Mbewu ndi SC 627 Mkango, mizere 75 cm, mapando 25 cm mbewu imodzi imodzi ya Sasakawa ija, feteleza tinathira wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, nayitrojeni 92 kg pa hekitala. Sizoni yoyamba tinakolola matani 4.1, yachiwiri 2.3 poti mvula inadula chimanga chikumasula. Koma DSSAT ikuti 9.2 ndi 8.8!! Ndiye kuti kwa iyoyo ng'amba ija kunalibe, chimanga chomwe ndinachiona ndi maso anga chitapota masamba ngati anyezi.

Zanyengo ndinatenga pa NASA POWER, zanthaka pa SoilGrids (zonsezi ndi deta ya pa intaneti), cultivar (mtundu wa mbewu) ndinangosankha ina pa mndandanda wake poti Mkango mulibemo. Mnzanga wina akuti ingotsitsa G2 (nambala ya kuchuluka kwa njere mu model) mpaka manambala afanane upange submit uzipita, wina akuti DSSAT ndi ya ku America siigwira kuno pita ku APSIM, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo. Ndipange chani? Kwatsala miyezi itatu.

Chiphadzuwa265:

Achemwali ine ndikanakhala inu ndikanapita ku APSIM basi, ndi yaulere pa research komanso yatsopano ija Next Generation imayenda ngakhale pa Linux ndi Mac osati DSSAT yomwe mawindo ake amafuna Windows. Ya ku Australia imeneyo, bungwe la kafukufuku la CSIRO ndi anzawo aku Queensland, ndiye anthu ake ng'amba amaidziwa bwino kuposa ife. Ndipo yagwirapo kale ntchito kuno, a project ya zaulimi ya Africa RISING ku Dedza ndi Ntcheu zija za nandolo ndi mtedza kasinthasintha ndi chimanga anayesako pa APSIM. Ine ndinapangira yomweyo project yanga sinandivute kwenikweni kupatula fayilo ya zanyengo ya .met yomwe imafuna tav ndi amp (manambala a kutentha kwa pachaka). Koma zotsitsa G2 zo ayi, external (wochonga research yanu wochokera kunja kwa sukulu) akakugwirani mudzalira.

Agogo_a_Fortran:

Ayi dikirani kaye, musathamangire kusintha pulogalamu, mukapita ku APSIM ndi deta yomweyi mukapezanso bodza lomweli litangovala malaya ena ndipo miyezi itatuyo mwezi umodzi upita ndi kuphunzira mabatani. Nkhani yoti ndi ya ku America ilibe mutu, DSSAT inabadwira mu project ya IBSNAT ku University of Hawaii m'ma 1980 ndipo cholinga chake chinali maiko otentha ngati athu omwewa, CERES-Maize yomwe ilipo kuyambira 1986 yayesedwa mu Africa muno kambirimbiri.

Chimene chandikayikitsa ine ndi chakuti masizoni awiri osiyana chonchi akutuluka pafupifupi ofanana. Model ikatero nthawi zambiri ndiye kuti sikuona stress ina iliyonse, ikukupatsani potential yield, chimanga cha kumwamba chosamva njala kapena ludzu. Tsegulani XBuild, pomwe mumalembera experiment mu DSSAT, mupite pa Simulation Options, kapena ingotsegulani fayilo ya experiment ija pa Notepad mufufuze mzere wolembedwa WATER NITRO SYMBI, muone ngati pansi pa WATER ndi NITRO pali Y kapena N, poti pakakhala N model siiwerengera kusowa kwa madzi kapena kwa nayitrojeni. Ana asukulu ambiri amakopera fayilo ya chitsanzo ndikusintha madeti okha osaona kuti ma switch ali bwanji. Zinandichitikirapo inenso kalekale ndipo ndinapita nazo mpaka pa presentation, manyazi ake sindiiwala.

Chachiwiri cultivar. Mwati munangosankha, mwasankha iti? Ngati ndi McCurdy 84aa ija ili mu chitsanzo cha ku Gainesville cha 1982 ndiye kuti mwadzala mbewu ya ku Florida ku Lilongwe ndikumaitcha Mkango. Cultivar mu CERES-Maize ndi manambala 6 basi, P1, P2, P5, G2, G3 ndi PHINT. P1 ndi P2 ndi amene amalamula kuti chimanga chimasula liti, P5 ndi kutentha komwe chimafuna kuchokera pomwe chatulutsa ndevu mpaka kukhwima, PHINT ndi liwiro lotulutsira masamba, G2 ndi kuchuluka kwa njere pa phesi limodzi, G3 ndi momwe njereyo imanenepera pa tsiku. Ndiye amayamba ndi masiku osati zokolola. Model iyambe yamasula tsiku lomwe munda wanu unamasula, ikhwime tsiku lomwe munda unakhwima, pamenepo ndi pomwe mungakhudze G2 ndi G3. Mukayamba ndi G2 ngati akunenera mnzanuyo nambala ya zokolola ifanana inde koma chimanga cha mu kompyutacho chidzakhala chikumasula sabata ziwiri pambuyo pa chenicheni, ndiye inu research yanu yonse ndi ya tsiku lodzala ndi ng'amba, mukuona pomwe pagona vuto? Munalemba masiku a 50% tasseling ndi silking, omwe theka la chimanga linamasula ndi kutulutsa ndevu, kumunda kuja?

mwana_wa_mlimi:

Eeeh agogo mwandigwira, NITRO inali pa N. Ndikuchita manyazi ndekha m'chipinda muno kkkk. Ndaika Y ndayendetsanso yatsika kufika 6.6 ndi 6.1. Cultivar siinali McCurdy koma ndi ina yomwe sindikudziwa ngakhale kwawo, ndinangoona dzina likumveka ngati hybrid ya kuno. Masiku omasula ndi otulutsa ndevu ndili nawo m'kope masizoni onse, okhwima ndinalemba sizoni yoyamba yokha, yachiwiri ija chimanga chinangouma chokha osadziwa kuti chakhwima kapena chafa. Koma WATER inali pa Y kale, nanga bwanji ng'amba ija sikuonekabe?

NyengoGuy:

Mvula yanuyo ndi imene ikukunamizani sisi. NASA POWER ndi yabwino pa solar radiation ndi temperature, ine ndimaigwiritsa ntchito daily, koma mvula yake si ya munda wanu, bokosi lake limodzi ndi theka la degree, makilomita 50 ndi kuposa mbali imodzi, ndiye mvula ikagwa ku Mitundu osagwa kwa inu iyo imangogawa pang'onopang'ono bokosi lonse. Mukaona mu fayilo mupeza timvula ta 2 mm, 3 mm pafupifupi tsiku lililonse Febuluwale yense pomwe inu mukudziwa kuti kunali gwaa masabata atatu. Total ya sizoni itha kuoneka bhobho koma chimanga sichimwa total, chimamwa za tsiku limenelo, ndipo mvula ya kwathu kuno mukuidziwa imagwa tsidya lino la msewu tsidya linalo fumbi.

Pangani chonchi, ngati pamunda panali rain gauge gwiritsani imeneyo ngakhale ikhale yolembedwa pamanja m'kope la alangizi. Ngati panalibe lembani kalata ku Department of Climate Change and Meteorological Services mupemphe daily rainfall ya station yapafupi, Chitedze ili ndi mbiri yaitali, mutenge ndi kalata ya kusukulu ndipo muyambe lero lomwe musadikire. Zikakanika zonse ndiye CHIRPS, deta ya mvula ya pa intaneti ya ku Santa Barbara ija, imayambira 1981 ndipo bokosi lake ndi pafupifupi 5 km, kapena TAMSAT ya ku Reading. Pa zaka 30 zanuzo CHIRPS ikuthandizani kutseka mipata pomwe station ilibe deta. Mutha kusakaniza, mvula ya station, radiation ya NASA, palibe cholakwika bola mulembe bwinobwino mu methodology.

Tizinthu tiwiri tating'ono timene timagwetsa anthu. Radiation DSSAT imafuna MJ pa square metre pa tsiku, mukadawuniloda pa NASA osasankha Agroclimatology imabwera mu kWh ndiye pamafunika kuchulukitsa ndi 3.6. Komanso NASA pomwe palibe deta imalemba -999 pomwe DSSAT imadziwa -99, ikapeza -999 pa temperature muziona zodabwitsa.

Mlangizi_wakale:

Ine za ma model sindizidziwa kwambiri ndingofunsa ngati munthu wakhala m'minda zaka zambiri. M'munda mwanumo munalibe kaufiti? Ntchemberezandonda sizinalowe? Chifukwa chiyambire 2017 sindinaonepo munda wa chimanga osalawidwa ndi mbozi zimenezi, ndipo chaka cha ng'amba ndi pomwe zimalusa. Nanga chiswe, nanga kupalira munapalira nthawi yake, mapando onse anamera? Pa pepala Sasakawa ndi mbewu 53,333 pa hekitala koma mukawerenga pokolola mupeza zochepa. Mwana wanga anandiuza kuti makompyutawa amaganiza kuti munda ndi woyera mulibe udzu mulibe chilombo pokhapokha uwauze wekha. Ndiye ngati ndi choncho musaikakamize kuti ifike pa 4.1 ndendende, mpata winawo mwina ndi wa mbozi.

Komanso za nthaka zotenga pa intaneti zo ine ndimakayika. Katondo wa ku Lilongwe amasunga madzi mosiyana ndi mchenga wa ku Kasungu, ndipo minda yathu yolima ndi khasu zaka ndi zaka pansi pa mizere pamakhala chidikhiro cholimba mizu siilowa. Kumbani dzenje mwanawe muone, sizitenga tsiku.

Agogo_a_Fortran:

Alangizi anena zoona zokhazokha, ndipo ndionjezere pa dzenjelo, tengani dothi lake mupite nalo ku lab muone texture ndi organic carbon pa layer iliyonse, SBuild, pulogalamu ya zanthaka ya mu DSSAT, ikuwerengerani LL, DUL ndi SAT, manambala oonetsa momwe dothi limasungira madzi. Muonenso initial conditions, momwe nthaka inalili poyambira, mukaika nitrate wambiri poyambira model imaganiza kuti munda unali wonona kale, 6.6 yanuyo mwina ikuchokera pamenepo. Plant population ikani yomwe munawerenga osati ya pa pepala. China, zokolola za DSSAT ndi dry matter, chimanga chopanda chinyontho ngakhale dontho, pomwe 4.1 yanu ndikukhulupirira munaiwerengera pa 12.5% moisture, ndiye ichulukitseni ndi 0.875 muone kuti mukufanizira ndi 3.6 osati 4.1. Inde mpata ukukula m'malo mochepa, pepani, koma ndi momwe zilili.

Tsopano nkhani yomwe external adzakufunseni ndithu. Muli ndi masizoni awiri okha. Musaphatikize onse pa calibration (kukonza manambala a model kuti afanane ndi za kumunda) kenako ndikuonetsa graph yokongola kuti taonani model ikugwirizana ndi deta, imeneyo ndi kudzilembera mayeso ndikudzichongera wekha. Tengani 2022/23 yomwe chimanga sichinavutike kwambiri mupangire calibration, pulogalamu ya GLUE ili momwemo mu DSSAT ikuthandizani kusaka ma coefficient, manambala a cultivar aja, koma isiyeni usiku wonse laputopu ili pa moto chifukwa imayendetsa model kambirimbiri, ndipo zomwe yakupatsani muzione ndi maso a munthu wa agronomy ngati zili zomveka. Mukatero tsekani fayilo ya cultivar osaikhudzanso, muyendetse 2023/24 ngati validation, kuyesa model pa deta yomwe simunaikonzere. Chomwe chituluke mulembe chomwecho, RMSE, nRMSE ndi d-index ya Willmott, miyezo yoonetsa kuti model yaphonya bwanji. Ikalakwitsa ndi theka la tani koma yaona kuti chaka cha ng'amba zokolola zinagwa, pa funso lanu la tsiku lodzala yakwana, chifukwa inu mukufuna kudziwa kuti kudzala kumayambiriro kwa Disembala kukuposa kudzala pa Khisimisi ndi zingati pa zaka zambiri, osati kulosera matumba a munda umodzi. Mukapeza deta ya Mkango ya malo ena kapena chaka china kwa anzanu omwe anayesapo ndiye bwino kwambiri, masizoni awiri ndi ochepa ndipo mulembe poyera mu limitations musabise.

Chiphadzuwa265:

Chabwino agogo ndagonja pa za APSIM kkk. Koma ndifunse nawo, poti funso lawo ndi la madzi bwanji osangopanga AquaCrop ya FAO? Ma parameter ndi ochepa, imayendera canopy cover (momwe masamba aphimbira nthaka), munthu sabata imodzi waidziwa.

Agogo_a_Fortran:

Akanakhala akuyamba lero ndikanavomera, AquaCrop inapangidwira madzi ndipo ndi yopepuka. Koma feteleza imangomutenga ngati mulingo wa stress, siiwerenga nayitrojeni kuti walowa liti watsukidwa liti, pomwe kuno ukadzala mochedwa wobereketsa amakumana ndi mvula ya Januwale ndikukokoloka, zimenezo CERES imaziona. Komanso ayamba kale kuidziwa DSSAT, asiyeni amalize.

mwana_wa_mlimi:

Zikomo nonse mwandichotsa m'dzenje ndikundituma kukakumba lina kkkk. Ndaimbira bambo amene amayang'anira munda uja akuti rain gauge ilipo ndipo kope la 2023/24 ali nalo, la 2022/23 akuti alifufuza mwina lili ku ofesi. Ndaonanso fayilo ya NASA, Febuluwale 2024 masiku opanda mvula ndi owerengeka chabe ndendende momwe ananenera a NyengoGuy. Alangizi, ntchemberezandonda zinalowadi sizoni yachiwiri tinapopera kawiri, kaufiti anali kumalire kokha. Loweruka ndikupita ndi khasu ndi timapepala ta pulasitiki. Funso lomaliza agogo, GLUE yo ikufuna pulogalamu ya masamu ya R, ndiike version iti? Ndaika yatsopano ikungotseka yokha osanena kanthu.