Bokosi lodzalamo masamba lija latha

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati malata angagwire ntchito pa bokosi lodzalamo masamba, poti ndinkaopa kuti dzuwa la Okutobala liwotcha mizu. Zikomo nonse amene munandiyankha. Bokosi latha, ndipo mpiru wamera kale.

Felemu yake ndi ya matabwa a bulugamu, m'mbali ndakhoma malata otsala pa denga la khitchini. M'litali mamita 2, m'lifupi mita imodzi, kuya masentimita 40. M'lifupimo musapitirire pamenepo, mukatero dzanja silifika pakati pozula udzu.

Za kutentha zija, masana malata amatenthadi moti simungawagwire, koma dothi lotentha ndi la m'mphepete mokha. Ndinayala makatoni mkati ndisanathire dothi losakaniza ndi manyowa, pamwamba ndaphimbira udzu wouma. Ndikuthirira m'mawa ndi madzulo.

Amene munati ndipake oyilo wakutha wa galimoto poopa chiswe, pepani, sindinatero. Muli zakudya umu. M'malo mwake bokosilo ndalikhazika pa njerwa kuti thabwa lisakhudze nthaka, ndipo lata lapansi ndaliboola ndi msomali kuti madzi azituluka. M'mphepete mwa malata ndi mwakuthwa, ndakhomapo timatabwa poopa zala za ana.