Funso: tiyambe pano kuchemerera gemu yathu kapena tidikire ithe kaye?

Membala wobisa dzina:

Moni nonse a pagulu pano, a admin chonde ivomerezeni iyi, ndikufuna nzeru kwa amene mumadziwa za malonda kapena amene munaikapo apu pa Play Store. Dzina ndabisa dala chifukwa msuweni wanga amene ndikupanga naye zinthuzi ali momwe muno kkkk.

Nkhani yake ndi iyi, ife awiri tikupanga gemu ya pa foni za Android, iweyo umakhala kondakitala wa minibasi yochoka ku Limbe kulowa mtauni kudzera pa Chichiri ndi Ginnery Corner, uyenera kudzadzitsa galimoto msanga anzako asanakulande anthu, kubweza chenji bwinobwino, kukumbukira amene anati atsikira pati, ndiye madzulo bwana akufuna ndalama yake yokwana apo ayi mawa ntchito palibe. Ine ndimalemba code mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, msuweni ndi amene amajambula komanso kukonza mawu. Gemu ikuseweredwa ndithu koma sinathe, ma level ena sitinayambe nkomwe ndipo pa ma itel aja a RAM yochepa imangoima.

Pomwe tasemphana ndi apa. Iye akuti tichite ngati a Rockstar, kampani yopanga magemu a GTA, paja trailer yoyamba ya GTA VI inatuluka mu December 2023, anthu opitilira 90 miliyoni anaionera tsiku limodzi, kenako iwo zii mpaka May 2025 pomwe anatulutsa yachiwiri, ndipo nthawi yonseyo dziko lonse limangokamba za iwo. Ndiye akuti ifenso titulutse kavidiyo ka masekondi 30, osaonetsa kaseweredwe kake ayi, kungoonetsa minibasi ndi mawu a woitanira akukuwa Limbe Limbe Limbe, nkulemba kuti ikubwera, basi kenako tikhale chete miyezi ingapo anthu azidzifunsa okha. Ine ndikuti tilengeze tsiku lenileni lotulutsa kuti litikakamize kumaliza, kenako kandalama kochepa kamene tili nako tikaike pa boost ya Facebook, kulipira kuti positi ifikire anthu ambiri, ngakhale nkhani ya kulipira mu dola nayonso ndi mutu wina ndi mmene forex ikuvutiramu.

Ndiye akuluakulu, ndani akulondola apa? Ndipo tiyambe kupanga phokoso patatsala nthawi yaitali bwanji?

Membala wa ku Ndirande:

Kondakitala wakeyo amabweza chenji yonse? Ngati amabweza ndiye kuti gemu yanuyo ndi ya nthano kkkkk

Membala wopanga ma apu, Lilongwe:

Achimwene, ine ndinena mosabisa, nonse awiri njira zanuzo sizikuthandizani. Ndiyambe ndi ya asuweni anuwo. Chete wa Rockstar amagwira ntchito chifukwa kumbuyo kwake kuli GTA V yomwe inatuluka mu 2013 ndipo yagulidwa makope opitilira 200 miliyoni, anthuwo anali kale ndi njala asanaone trailer iliyonse. Inuyo mukakhala chete palibe amene adziwe kuti mwakhala chete, kavidiyo kanu kadutsa pa timeline pakati pa nkhani ya mpira ndi ya mtengo wa shuga, munthu aseka pang'ono, mawa waiwala.

Tsopano yanuyo ya kulengeza tsiku. A Rockstar omwewo ndi ndalama zawo zonse anayamba kunena kuti 2025, kenako anasintha nkuti 26 May 2026, kenakonso 19 November 2026. Iwo anthu amadandaula koma amadikirabe, inu mukasintha kamodzi kokha ayamba kukutchulani a mawamawa. Komanso pali chinthu china chomwe ambiri sachidziwa mpaka atafika pakhomo penipeni, ngati akaunti yanu ya Play Console, yoikira ma apu pa Play Store, ndi yatsopano ya munthu payekha osati ya kampani, Google imafuna kuti apu iyesedwe kaye pa closed testing, kuyesa kwa anthu osankhidwa okha, ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana musanapemphe kuti ituluke kwa aliyense, poyamba anali 20 anachita kuchepetsa. Akaunti yokhayo ndi 25 dola kulipira kamodzi. Ndiye mungalengeze bwanji tsiku pomwe simunadutse apo, ndipo akhozanso kukubwezani kuti mukonze zina.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba lero kuonetsa zinthu zenizeni, timavidiyo tifupitifupi ta gemu ikuseweredwa, ngakhale pomwe yalakwitsa minibasi nkulowa mu ngalande, zimenezo ndiye anthu amashera. Tsiku mudzalitchule zonse zikadutsa. Play Store ilinso ndi pre-registration, munthu amadina batani ndipo tsiku lotuluka foni imamuuza yokha, koma simaloledwa kupitilira masiku 90 ndiye musayitsegule msanga.

Membala wobisa dzina:

Akulu zikomo kwambiri, za anthu 12 zo zokha zasintha kale mapulani. Koma kuonetsa gemu isanathe sikungapangitse anthu kuona ngati ndi zibwana? Zojambula zina zikadali mabokosi chabe.

Membala wopanga ma apu, Lilongwe:

Onetsani mbali yomwe yatha. Chenji ija ndi pomwe pali kukoma, yambirani pamenepo.

Membala wina:

Kungoonjezera pa zomwe anena akuluwa, kumbukirani gemu ya Cyberpunk 2077. Kavidiyo koyamba kanatuluka mu January 2013, mu 2019 anachita kubweretsa katswiri wa mafilimu Keanu Reeves pa siteji ya chionetsero cha magemu cha E3 anthu mpaka kukuwa, anasuntha tsiku katatu, itatuluka pa 10 December 2020 pa PS4 inali yosaseweredwa bwino mpaka Sony inaichotsa mu sitolo yake nkuyamba kubweza ndalama, inabwereramo mu June 2021. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Ngati pa itel ikuima musalonjeze anthu kanthu, chifukwa a ma itel omwewo ndi amene adzakupatseni nyenyezi imodzi pa review ndipo imeneyo kuichotsa ndi ntchito.

Membala wa ku Johannesburg:

Ine ndiwaikira kumbuyo asuweniwo pang'ono, musawaphe onse. Gemu ya Silksong inapangidwa ndi kagulu ka anthu ochepa kwambiri ku Adelaide, Australia, anailengeza mu February 2019 kenako zaka ndi zaka osanena zambiri, tsiku lotulutsa analitchula patangotsala masabata awiri, ndipo pa 4 September 2025 anthu anakhamukira mpaka Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inavutika kutsegula. Amenewo si Rockstar, nde chete akhoza kugwira ntchito ngakhale kwa ang'onoang'ono.

Membala wina:

Aise koma amene aja anali kale ndi gemu yawo ina, Hollow Knight ya 2017, yomwe anthu anaikonda koopsa, ndiye ndi chimodzimodzi zomwe zanenedwa pamwambapa. Chomwe awa angatengepo ndi masabata awiriwo basi. Ngati mukufuna chitsanzo cha gemu yomwe dzina lake linali lachilendo onani Apex Legends, February 2019 inangotuluka osalengezeratu, eni ake ndalama anaika mwa anthu osewera pa Twitch, tsamba loonetserapo magemu pompopompo, kuti aisewere anthu akuonera, sabata imodzi osewera 25 miliyoni. Among Us nayo inakhala kuyambira 2018 osadziwika mpaka ma streamer, osewera anthu akuonera aja, anaitola mu 2020. Anthu amakopeka akaona mnzawo akusewera nkumaseka.

Mayi wogulitsa kaunjika pa intaneti:

Ana anga ine za magemu sindidziwa koma kugulitsa pa foni ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni. Boost imabweretsa ma like, koma like ndi kudawuniloda ndi zinthu ziwiri zosiyana, munthu ali ndi bandulo ya Facebook ndi WhatsApp yokha mukamutumiza ku Play Store safika nkomwe, wa data yeniyeniyo naye amawerengera MB iliyonse. Funso loyamba lomwe adzakufunseni ndi lakuti ndi ma MB angati, lachiwiri imafuna data posewera? Ngati ndi yaing'ono ndipo imaseweredwa opanda netiweki zimenezo zilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pa chithunzi chilichonse, kuposa mawu oti ikubwera aja. Timavidiyo tanuto tikhale topepuka toti munthu aike pa status ya WhatsApp osadandaula, ine katundu wanga wambiri amayenda pa status za makasitomala osati pa tsamba langa.

Ndipo kandalama mukuti ka boost ko, bwanji osapita pa depoti mukapeze makondakitala enieni ndi oitanira, muwalipire kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba ajambulitse mawu awo mu gemumo, muwapemphe chilolezo bwinobwino muwajambule akuisewera. Kondakitala weniweni akulephera kubweza chenji mu gemu anzake akumuseka, vidiyo imeneyo ndingaishere ngakhale ine. Iwonso akadziwa kuti mawu awo alimo auza aliyense wokwera. Palibenso za dola pamenepo.

Membala wa ku Ndirande:

Amayi awa apatseni ma share mu kampaniyo

Membala winanso wobisa dzina:

Ndine msuweni akunenedwayo kkkk iwe ukuona ngati sindingazindikire minibasi yomwe ndinajambula ndekha? Chabwino ndamva zonse, koma chomwe sananene mnzangayu nchakuti ine mantha anga ndi kuberedwa nzeru. Tikaonetsa mmene chenji imagwirira ntchito panopa, wina wa ndalama zake komanso anthu ambiri akhoza kupanga yake mwezi umodzi nkutitsogolera. Ndi chifukwa chake ndimafuna tingoonetsa minibasi yokha.

Membala wopanga ma apu, Lilongwe:

Asuweni takulandirani. Nzeruyo yatuluka kale mu positi yomweyi ndipo gulu lino ndi la anthu masauzande, ndiye za kubisa zatha. Komabe musade nkhawa kwambiri, wokopera akhoza kutenga lingaliro la kondakitala koma sangatenge zojambula zanu, mawu a anthu a pa depoti ndi anthu amene akhala akukutsatirani kuyambira pachiyambi, ndipo mukamaonetsa poyera aliyense amadziwa kuti oyamba munali inu. Tsegulani WhatsApp channel kapena gulu, aliyense wofuna kuyesa alowe mmenemo, anthu 12 aja muwatenge momwemo koma tengani oposerapo chifukwa ena amatuluka pakati pa masiku 14 wo ndiye chiwerengero chikatsika mumachedwa. Muonetsetse kuti ambiri mwa iwo ali ndi ma itel ndi Tecno akale, osati anzanu a ma Samsung apamwamba okhaokha.

Membala winanso wobisa dzina:

Za makondakitala enieni zo ndavomera, koma mawu oti Limbe Limbe Limbe akhalabe koyambirira kwa vidiyo iliyonse, pamenepo sindisuntha.

Membala wobisa dzina:

Zimenezo palibe anakana msuweni. Tsiku sitilengeza kaye, ndiyambe ndakonza zoimaimazo. Amene muli ndi foni ya RAM ya 1GB kapena 2GB ndipo mukufuna kuyesa nawo lembani kuti ndilipo pansipa, musaike manambala anu pagulu chonde, tikupezani ku inbox. Pafunika imelo ya Gmail yomwe mumagwiritsa ntchito pa Play Store.

Membala wa ku Area 25:

Ndilipo, Tecno yanga ndi yakalekale ikuthandizani. Koma ya Lilongwe mudzaikamo liti, ife a 25 timapanikizana anayianayi pampando ndiye level imeneyo ikhale yomaliza.