Thandizeni: amayi ali ndi shuga, akadya chiyani pa sitima yochokera ku Durban?

Moni nonse a m'gulu muno, ndikulemba kuchokera ku Nchalo. Achemwali anga a ku South Africa agulira amayi tikiti ya sitima yapamadzi yoyendera alendo, yochoka ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique. Tasangalala, koma nkhawa yanga ili pa chakudya.

Amayi ali ndi matenda a shuga ndi BP. Kwathu ku Nsanje amadya nsima ya mapira, ndiwo zake mlamba wowamba kapena chisoso chopanda mafuta ambiri, ndipo akaphonya nthawi yodya amayamba kunjenjemera.

Tinaimbira amene anagulitsa tikitiyo, anangoti chakudya ndi cholipiridwa kale. Pa intaneti ndangoona zithunzi za pizza, pasta ndi makeke. Kuchipatala anatiuza zoyenera kupewa, za pa sitimayo sakuzidziwa.

Inu amene munakwerapo, kodi nsima, imene kumeneko amati pap, imapezeka? Tikawauziratu za shuga, amaphika padera? Nanga amalola kukwera ndi mtedza wokazinga woti azitafuna njala ikawapeza usiku? Chonde ndithandizeni, amayi adzanyamuka mu Disembala.