Ndani angandimangire body kit ndi kulumikiza magetsi ake ku Lilongwe?

Wa Mark X, Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi Toyota Mark X ya 2010, ndipo body kit imene ndinaitanitsa ku Japan yafika kudzera ku Dar es Salaam. Muli bampa yakutsogolo ndi yakumbuyo, ma side skirt awiri ndi kaspoiler ka pabuti. Zonse ndi za fibreglass, zosapenta. Bampa yakutsogolo yabwera ndi ma fog light ndi timagetsi ta LED, koma mawaya angoti lende, popanda pepala lofotokoza. Makatoni atha milungu itatu ali pabalaza. Mantha anga ali pa magetsi. Chaka chatha munthu wina atandilumikizira wailesi, batire linkatha usiku uliwonse. Kodi ilipo galaja yogwira zonsezi pamodzi?

Bambo a Chisomo:
Achimwene, ntchitozi ndi ziwiri. Kumanga ndi kwa panel beater, mawaya ndi a munthu wa magetsi a galimoto. Ku Biwi magalaja ndi ambiri, yendani wapansi muone galimoto zimene amaliza. Chachikulu, asayambe ndi penti. Fibreglass sikhala bwino pa ulendo woyamba, pamafunika kuyesa, kupala, kuboola, n'kuyesanso. Ine yanga anaipenta isanayesedwe, pomanga panatsala mpata pansi pa nyali woti chala n'kulowa. Atakoka ndi bawuti penti inang'aluka pakona, ndinalipira kawiri. Mpaka lero zimandiwawa.

Wamagetsi wa ku Ndirande:
Bwana, ndili kutali koma mverani izi. Musalole kuti ma fog light awabere moto pa waya wa nyali zazikulu. Mababu awiri a 55 watts amakoka pafupifupi ma amp 9, ndiye pafunika relay yakeyake (kaswichi kopititsa moto wochokera ku batire) ndi fyuzi ya 15 pafupi ndi batire. Ma LED atenge moto umene umabwera mukayatsa galimoto basi, apo ayi za batire zija zibwereranso. Ndipo muimirire pomwepo muone. Wopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, mvula ikayamba mudzamufunanso. Azisodala, kenako heat shrink, kachubu kovekera pa waya kamene kamathina kakatenthedwa. Muwauzenso aike pulagi pakati, kuti tsiku lochotsa bampa musadule waya.

Mayi Nachisale:
Funso langa ndi lina, achimwene. Mwayeza kuti bampa yatsopanoyo itsika bwanji? Mark X ndi yaifupi kale. Amuna anga anaswa yawo pa hampu sabata yoyamba, ndipo fibreglass siipindika ngati pulasitiki, imangothetheka.

Wa Mark X, Area 25:
Zikomo nonse. Mayi, ndayeza ndi tepi madzulo ano, ikutsika ndi masentimita 4, ndiye pageti panga ndiyambe ndathira dothi. Loweruka ndipita ku Biwi ndi bampa yakutsogolo yokha kuti ayese kaye. Achimwene a ku Ndirande, relay ndi fyuzi ndigule ndekha kapena ndisiyire wolumikizayo?