Galaxy ya dizilo ya 2013: tigule kapena tiyang'ane ina chisanu chisanafike?

Mayi a Tadala (Paisley): Mwaswera bwanji abale nonse. Ndithandizeni maganizo. Tapeza Ford Galaxy ya 2013, ya dizilo, mipando 7, yayenda mamailosi 118,000, mwini wake akufuna £4,200. Tili ndi ana atatu, awiri akadali pa mipando ya ana, komanso amayi akubwera kuchokera ku Zomba mu December kudzakhala nafe miyezi ingapo. Kagalimoto kathu kano sitikwanamo. Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndimatuluka 6 koloko kukadali mdima. Bambo a kunyumba akuti dizilo ndiye yolimba ndipo siimwa mafuta. Koma m'chisanu cha kuno ku Scotland imachita bwanji? Tikufuna kukapereka ndalama Loweruka.

Bambo a Chikondi (Livingston): Gulani achemwali, musazengereze. Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndikuyendera ya dizilo, tsiku lililonse pa msewu waukulu wa M8 kupita ku Glasgow ndi kubwerera. Thanki imodzi imandifikitsa kutali kwambiri kuposa momwe ya petulo inkachitira. Za chisanu musade nkhawa, dizilo wogulitsidwa kuno kuyambira pakati pa November mpaka pakati pa March amakonzedwa kuti asaundane mpaka -15°C. M'mawa mukatembenuza kiyi dikirani kanyali kooneka ngati waya wopiringizika kazime, ndiye muliza. Batire ikakhala yabwino, basi.

Amalume Gama (makaniko, Motherwell): Musanayankhidwe zambiri, mayi, ndiuzeni: kuchoka pakhomo la gogo mmodzi kufika pa wina ndi mtunda wautali bwanji? Nanga pa tsiku ndi makomo angati?

Mayi a Tadala: Amalume, ndi pafupipafupi. Mamailosi awiri, nthawi zina atatu. Makomo amakwana 12 kapena 14. Ndimazimitsa, ndikulowa theka la ola, ndikutulukanso.

Amalume Gama: Ndiye apo ndi pomwe pagona nkhani. Dizilo imene bambo a Tadala akuikumbukira ndi ya kwathu, Hilux yakale ija yotulutsa utsi wakuda pokwera Zomba Plateau koma osafa. Za kuno n'zina. Pafupifupi zonse zopangidwa kuyambira cha m'ma 2009 zili ndi sefa ku paipi ya utsi, timaitcha DPF. Ntchito yake ndi kugwira mwaye. Mwayewo ukachuluka, galimoto imauwotcha yokha, koma kuti itero injini iyenera kutentha mokwanira ndi kuyenda mosalekeza, mwina mphindi 20 pa liwiro la msewu waukulu. Inu mukuyenda mphindi zisanu n'kuzimitsa. Mu January injini ya dizilo siikhala itatentha n'komwe pa mtunda umenewo. Imayamba kuwotcha, inu mwafika, mwazimitsa. Mawa chimodzimodzi. Mafuta owonjezera omwe imathira powotchapo ena amatsikira mu oilo, ndipo mukasolola dipstick, kachitsulo koyezera oilo, mumapeza oilo wakwera m'malo motsika, akununkha dizilo. Ndazionapo zambiri pa galaja, ndipo ambiri obwera nazo ndi anthu a ntchito ngati yanuyi. Bambo a Chikondi sakunama ayi, kungoti ulendo wawo ndi wanu n'zosiyana.

Nachisale (Glasgow): Zimene akunena amalume zinandionekera ine ndemwe. Chaka changa choyamba pa ntchito imeneyi ndinagula ya dizilo. Mu February kanyali kachikasu kanayaka, ndinati ndidzaona pa tsiku lopuma. Patapita masiku anayi galimoto inatha mphamvu pachitunda, ndikuponda mafuta koma ikungokwawa, agogo akundidikira ndi mankhwala a m'mawa. Ndinaimbira ku ofesi misozi ili m'maso. Kutsuka sefayo ndi kusintha sensa zinandidyera malipiro a sabata yathunthu. Chinanso, hita yake inkachedwa kwambiri. Ndinkamaliza makomo atatu manja ali gwa pachiwongolero, galasi likuchita nthunzi mkati.

Bambo a Chikondi: Pepani ndi zomwe zinakuchitikirani, koma mankhwala ake ndi osavuta. Kamodzi pa sabata ikani ana m'galimoto, yendani pa M8 kapena M77 theka la ola. Lamlungu popita kutchalitchi mungozungulirako. Mipando 7 ya petulo ndi yosowa, ndipo ikadzaza anthu pamodzi ndi katundu imamwa koopsa.

Amalume Gama: Zimathandizadi, sindikana. Koma mayi wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, wa ana atatu, adzakumbukira sabata iliyonse? Akalumpha masabata awiri a chipale, vuto layamba.

Mphatso K. (Edinburgh): Palibe watchula LEZ, dera la pakati pa mzinda komwe amaletsa magalimoto otulutsa utsi wambiri. Pa mulingo wa utsi wa magalimoto, Galaxy ya 2013 ndi Euro 5. Pakati pa mzinda wa Glasgow, kuyambira pa 1 June 2023, ya dizilo iyenera kukhala Euro 6, zomwe kawirikawiri ndi zolembetsedwa kuyambira September 2015. Ya petulo amangofuna Euro 4, ya cha m'ma 2006 kupita mtsogolo. Kuno si ngati ku London komwe umalipira £12.50 pa tsiku n'kulowa. Kuno kamera ikakujambula ndi chindapusa cha £60, ukalipira msanga chimatsika theka, ukabwerezanso chimawirikiza. Edinburgh, Dundee ndi Aberdeen anayambanso mu 2024. Mwina n'chifukwa chake mtengo ukuoneka wabwino, achemwali. Lembani nambala ya galimotoyo pa tsamba la LEZ Scotland muone nokha. Amayi akabwera simudzafuna kuwaonetsa m'tauni?

Mayi a Tadala: Ayi ndithu zimenezi sitimazidziwa. Mwatithandiza a Mphatso.

Dalitso: Sefayo osangoichotsa bwanji? Pali anyamata amachita zimenezo.

Amalume Gama: Iyayi mphwanga, usawaphunzitse zimenezo. Kuyambira February 2014, galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka, ndipo kuyenda nayo pamsewu ndi mlandu. A inshuwalansi akadziwa pa nthawi ya ngozi akhoza kukana kulipira. Munthu ali pa viza ya ntchito asaike moyo wake pachiswe chifukwa cha sefa.

Anambewe (Cumbernauld): Ine ndikuona ngati tonse tayang'ana ku injini, pomwe pa ayezi chogwira pansi ndi tayala. Ndinali kuno mu 2018 chipale chija chitatseka M80, anthu anagona m'magalimoto usiku wonse. M'mawa mwake mumsewu wathu magalimoto akuluakulu ankangozungulira mawilo pamalo amodzi, pomwe kagalimoto kakang'ono ka mnansi wanga, ka matayala a m'chisanu, kanakwera bwinobwino. Misewu ikuluikulu amathiramo mchere, koma timisewu ta m'makomo momwe inu mumalowa 6 koloko nthawi zambiri amakhala asanafikemo. Lamulo limati mapanga a tayala asachepere 1.6 mm, koma m'chisanu amenewo ndi ochepa kwambiri. Iliyonse imene mugule, patulani ndalama ya matayala anayi a nyengo zonse, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kachipale pakati. Mu buti muzikhala bulangete, tochi ndi chopalira galasi. Ndipo musathire madzi otentha pagalasi loundana, limang'aluka.

Bambo a Tadala: Moni nonse, ndine mwini nkhaniyi, mayi andionetsa. Ndamva, koma thumba lathu ndi £5,000 basi, inshuwalansi ili padera, ndipo ikutikwerera chifukwa layisensi ya kuno tangoipeza chaka chatha. Ya ku Malawi saisintha, pomwe ya ku Zimbabwe kapena South Africa amaisintha, ndiye tinachita kuyambira pansi. Ya dizilo ya 2016 tikhoza kuikwanitsa?

Amalume Gama: Ya 2016 ya mipando 7 pa ndalama imeneyo idzakhala yoyenda kwambiri, achimwene. Za LEZ mudzathana nazo, koma sefa ikadalipo, ndipo zambiri zimafunanso AdBlue, mankhwala oyeretsera utsi, yomwe ikatheratu galimoto siilira. Ine pa ntchito ya mlamu wangayu ndikanayang'ana Toyota Verso ya petulo kapena Vauxhall Zafira Tourer ya petulo ya 1.4. Buti ndi yaing'ono poyerekeza ndi Galaxy mukadzutsa mipando yakumbuyo, zimenezo mudziwiretu. Popita kukaona, nyamulani mipando ya ana muyese kuimanga.

Bambo a Chikondi: Ine ndikadali kumbali ya dizilo, makamaka ngati muzipita ku Manchester kapena Leicester kukaona abale. Mafuta mudzawamva.

Mayi a Tadala: Ku Leicester timapita kawiri pa chaka, achimwene, koma kwa agogo anga ndi m'mawa uliwonse. Takambirana, Galaxy tayamba taisiya. Pali Verso ya 2012 ku Hamilton, £3,900, ndaona mbiri yake ya MOT pa gov.uk, alembapo za dzimbiri pa mapaipi a buleki. Amalume, mungatiperekeze Loweruka?

Amalume Gama: Ndipezeka 9 koloko. Muuzeni mwini wakeyo asailize tisanafike, ndikufuna ndiimve ikudzuka yozizira. Ndibwera ndi jeke ndi tochi, tikasuzumire pansi pomwe mchere umadya.