Lipoti la ngongole likusiyana ndi Excel pa matambala

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinalembera SACCO ina (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) pulogalamu ya ngongole m'chiyankhulo cha pakompyuta cha Python, deta ikukhala mu databesi ya MySQL. Mwezi ukatha, lipoti langa silikugwirizana ndi la mayi wa akaunti amene amawerengera mu Excel. Pena tambala imodzi, pena matambala angapo. Ndi kandalama kochepa, koma mayiwa akuti sasaina buku losagwirizana, ndipo sakulakwa. Fomula ya chiwongoladzanja tayifananiza, ndi imodzi.

Wa ku Limbe: Achimwene, kolamu ya ndalama munaipatsa mtundu wanji?

Wa ku Zomba: FLOAT, mtundu uja wa manambala okhala ndi madesimo.

Wa ku Limbe: Yambirani pomwepo. Kompyuta imasunga nambala mu binary, kutanthauza ma 0 ndi ma 1 okha, ndipo mmenemo 0.1 satha, amangobwereza 0.000110011001... monga mmene 1/3 amakhalira 0.333... kwa ife. Ndiye makina amadula penapake. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python, muona 0.30000000000000004. Pulogalamu yanu sinapenge ayi, ndi mmene muyezo wa IEEE 754 umagwirira ntchito kuyambira 1985.

Koma FLOAT ya MySQL ndiye yoopsa kwambiri kwa ife a kwacha, chifukwa imasunga molondola madijiti pafupifupi 7 okha a nambala. Ngongole zathu zimafika mamiliyoni. K1,250,000.10 ikalowa mmenemo imasanduka 1,250,000.125. Mukadutsa 16,777,216, ngakhale kwacha yathunthu ina imadumphidwa. Sinthani kolamuyo ikhale DECIMAL(15,2), mtundu wosunga nambala ndendende mpaka madesimo awiri.

Wa ku Area 25: Zoona, koma si zokhazo. Achimwene a ku Zomba, mukuraunda ndi round() ya Python? Imeneyo ikapeza theka lenileni imapita ku nambala ya even (yogawika ndi 2): round(2.5) ndi 2, round(3.5) ndi 4. ROUND ya Excel imakweza, 2.5 imakhala 3. Inu ndi mayi wa akaunti mutha kukhala ndi fomula imodzi koma malamulo awiri a theka. Gwiritsani ntchito Decimal ya Python ndi quantize yake yoraundira, muike ROUND_HALF_UP kuti theka lizikwera ngati mu Excel. Chonde lembani Decimal("0.1") ndi makoteshoni. Mukalemba Decimal(0.1) mwalowetsa cholakwika chomwe chija pakhomo lina.

Wa ku Mzuzu: Ine ndimakonda kusunga zonse m'matambala, mu kolamu ya BIGINT ya manambala athunthu basi. K500.75 ndi 50075. Kuphatikiza ndi kuchotsa sikungasokonekere, kwacha ndimaionetsa pa sikirini pokha.

Wa ku Area 25: Njira yabwino, akulu, koma pogawa vuto limabweranso. Chiwongoladzanja ndi kuchulukitsa ndi peresenti, tizidutswa ta tambala tidzatuluka ndithu, ndipo lamulo loraundira lifunikabe.

Wa ku Mzuzu: Ndavomera achemwali. Ndipo pogawapo pali china chimene ambiri timachiiwala. Membala wabwereka K100,000, abweza miyezi itatu. Mwezi uliwonse K33,333.33, kuphatikiza ndi K99,999.99. Tambala imodzi yasowa popanda float aliyense. Masamu sangakusankhireni mwezi woti tambalayo igwere, ndi SACCO yoyenera kunena. Ambiri amaiika pa malipiro omaliza, K33,333.34.

Wa ku Zomba: Ndayang'ana. round() ndikuigwiritsadi ntchito, komanso ndikuraunda chiwongoladzanja cha tsiku lililonse kenako n'kuphatikiza. Mayi aja amaphatikiza kaye mwezi wonse, n'kuraunda kamodzi.

Wa ku Area 25: Ndiye zifukwa zilipo zitatu. Musasinthe kodi musanakhale nawo pansi mayiwo. Mugwirizane kuti mukuraunda liti, theka likupita kuti, tambala yotsala igwera mwezi uti, zilembedwe papepala komiti ione. Ndalamazi ndi za anthu amene amasonkha movutikira, akafunsa pafunika yankho lomveka.

Wa ku Limbe: Chinanso achimwene, kusintha kolamu kukhala DECIMAL sikubweza zomwe FLOAT inadula kale. Tengani bakapu kaye, kenako muwerengetsenso mabalansi kuchokera pa malisiti kapena pa Excel ya mayiwo.

Wa ku Zomba: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi bakapu usiku uno, mawa ndikumana ndi mayi wa akaunti. Ndiyesa kaye ndi mwezi watha wokha, ziwerengero zikafanana ndipitiriza ndi miyezi ya m'mbuyo.